Lendi Yaima, Malata Akudontha pa Chifunga

Pa Chifunga, m'mbali mwa msewu wa M6 wochoka pa Zalewa kupita ku Mwanza, nyumba za lendi zikutha pang'onopang'ono eni ake akuona. Chaka china lata lichita dzimbiri pomwe panalowa msomali. Chaka chinacho chiswe chidya phaso, kenako pulasitala wa m'munsi mwa khoma ayamba kugumuka, ndipo chimbudzi chomwe chinakumbidwa nyumbayo ili yatsopano chidzaza. Mukafunsa mwininyumba chifukwa chimene sakukonzera, akuuzani kuti ndalama ya lendi sikukwana ngakhale thumba limodzi la simenti. Mukafunsa wokhalamo chifukwa chimene sakuwonjezera ndalamayo, akutchulirani mtengo wa chimanga. Onse awiri akunena zoona, n'chifukwa chake kukweza lendi kwa munthu amene wakhala m'nyumba mwako zaka zambiri kwafika povuta chotere.

Eni nyumba pa malo ngati ano si makampani. Ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene anawotcha njerwa ndi ndalama ya penshoni, mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira mdadada wa zipinda zinayi kuseri kwa golosale, banja lomwe mwana wawo ankatumiza ndalama ya malata ali ku Johannesburg, kapena mlimi amene anagulitsa mbuzi kuti akhale ndi poyembekezera mwezi ukatha. Ambiri amakhala pabwalo limodzi ndi anthu awo a lendi ndipo amatunga pamjigo umodzi. Okhala m'nyumbazo ndi aphunzitsi amene sanapeze nyumba ya pasukulu, alangizi a zaumoyo ndi ena ogwira ntchito pachipatala, a geni, a kabaza, atelala, ndi ana a sekondale ochokera kumidzi yakutali amene amadziphikira okha. Palibe ofesi ya boma imene imabwera kudzaika mtengo wa chipinda. Mtengo amagwirizana pakamwa, pakhonde, tsiku lolowa, ndipo nthawi zambiri umakhala womwewo mpaka wina atalimba mtima n'kuyambitsa nkhaniyo.

Vuto n'lakuti kwacha imene anagwirizanira tsiku limenelo kulibenso. Mu 2020 dola imodzi inkasinthidwa ndi ndalama pafupifupi K750. Kumapeto kwa Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa m'mabanki wakhala pa K1,751, koma amalonda amene amaitanitsa malata, misomali, utoto ndi maloko sapeza dola kubanki. Amaigula pamsika wamseri, pomwe kumayambiriro kwa 2025 inadutsa K4,000, ndipo mtengo wa katundu m'mashopu a ku Mwanza ndi ku Blantyre umatsata dola yamseriyo. Mu Januwale 2024 National Statistical Office inapeza kuti mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Mukaphatikiza kukwera kwa zaka zonse kuchokera mu 2020 kufika mu 2025, chinthu chomwe chinkagulidwa K1,000 chikufuna ndalama yoyandikira K3,000.

Tiyerekeze kuti nyumba ya zipinda ziwiri anagwirizana pa K15,000 mu 2020. Nthawi imeneyo thumba la simenti silinkafika K10,000, choncho lendi ya miyezi iwiri inkakwana matumba atatu kapena anayi, okwanira kumata khoma lomwe mvula imamenya ndi kukonza khonde. Mu 2025 thumba lomwelo linadutsa K30,000, ndipo miyezi ina linkasowa ndithu. Lendi ya chaka chathunthu, K180,000, ikugula matumba osaposa asanu ndi limodzi, mwininyumba asanadyepo kanthu, asanalipire mmisiri, asanagule mchenga kapena kulipira galimoto yonyamula simentiyo. Kuti K15,000 ija igule zomwe inkagula, ikufunika kukhala pakati pa K40,000 ndi K45,000. Mwininyumba amene sanakweze chiyambire wachotsera munthu wake wa lendi magawo awiri mwa atatu a mtengo, ngakhale awiriwo sanakhalepo pansi kugwirizana zimenezo.

Kumbali ya wokhalamo zinthu sizili bwino. N'zoona kuti malipiro otsikitsitsa omwe boma limalamula akwera: anali K35,000 mu 2020, K50,000 mu 2021, K90,000 mu Febuluwale 2024, ndi K126,000 mu Juni 2025. Koma ndi anthu angati pa Chifunga amene ali pa ntchito yolembedwa yoti lamulo limeneli liwakhudze? Wa geni, wa kabaza ndi wa ganyu alibe bwana woti amuonetse chikalata cha boma. Ogwira ntchito m'boma malipiro awo akhala akukwera chaka ndi chaka, koma kukwera kwake kwakhala kukutsalira m'mbuyo mwa mitengo ya zinthu, makamaka chakudya, chomwe mu 2024 chinkakwera ndi mlingo woposa 40 peresenti.

Komanso kumunsi kwa Neno si kumapiri kwa Dambe ndi Nsambe komwe kumalimidwa mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kuno n'kotentha, kwa malambe ndi masawu, ndipo mvula imadula msanga. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ndipo pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'maboma 23 mwa 28 mwagwa tsoka la njala. Pofika kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina ya kummwera. Munthu wa lendi kawirikawiri ndi wobwera, alibe munda, ndiye ufa uliwonse wolowa mumphika amachita kugula. Ngakhale ndalama ya makala, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuyendetsa malonda m'mbali mwa msewu wa Zalewa, yachepa, chifukwa mitengo ikutha ndipo lamulo la zankhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 linaika zilango zowawa. Makala akachepa, wogulitsa mandasi ndi wometa nawonso amamva, ndipo onsewa ndi anthu a lendi.

Komabe chimene chamanga eni nyumba ambiri pakamwa si masamu okha. Munthu akakhala m'nyumba mwako zaka zisanu ndi zitatu salinso mlendo. Anagona nawo pamaliro a mwamuna wako, anaperekeza mdzukulu wako ku chipatala cha Lisungwi usiku, amaphunzitsa ana a mchemwali wako, mwinanso mumapemphera mpingo umodzi. Mayi mwini mdadada amakonzeka tsiku lonse kuti lero akanena. Madzulo afika pakhomo, "Odi kuno, aphunzitsi," apatsidwa mpando, afunsa za ana, akamba za kutentha ndi za mbuzi yomwe inalowa m'dimba la eni, kenako atsanzika: "Basi ndimangokuonani." Abwerera osatchula lendi. Mphunzitsi naye wadziwa chomwe anadzera, koma wakhala chete, pakuti akudziwa kuti akangoyamba yekha, ndalama yotsala ya mweziwo yapita. Ulemu umenewu ndi weniweni ndipo sindikuunyoza. Koma mtengo wake ukulipidwa ndi nyumbayo.

Mwininyumba amene walephera kunena amayamba kubweza m'njira ina: amasiya kukonza. Denga likadontha amati tionana mwezi wamawa. Wokhalamo amatchera beseni pakati pa chipinda, kukankhira bedi kukhoma lina, kukwera pamwamba n'kumata bowo ndi phula kapena kutsamiritsa lata ndi mwala. Mvula ikakula amakhoma pepala la pulasitiki kudenga kuti madzi azitsetserekera pakona imodzi, ndipo pakona imeneyo njerwa zimanyowa mpaka kufewa. Bowo lomwe likanafuna misomali yochepa ndi lata limodzi limasanduka ntchito yochotsa mapaso onse. Chimbudzi ndiye choopsa kwambiri. Chikadzaza, palibe amene amafuna kulipira wokumba dzenje latsopano, ndipo mabanja anayi amapitiriza kugwiritsa ntchito chakalecho mpaka chitatitimira ndi mvula. Dziko lino linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo chimbudzi cha pamdadada ndi nkhani ya mudzi wonse. Nthawi zina wa lendi amakonza ndi ndalama yake n'kudula pa lendi osagwirizana kaye, ndipo mkangano umayambira pomwepo: wina akuti ndinagula chitseko, wina akuti sindinakutumeni.

Njira ina imene eni nyumba amathawira ndi yoipa kuposa pamenepa. Atapirira zaka zinayi, tsiku lina amangonena kuti kuyambira mwezi wamawa ndi K35,000. Kapena, pochita manyazi kutchula mtengo, amapeka chifukwa: mwana wanga akubwera kudzakhalamo, kapena ndikufuna kukonza nyumbayi. Banja lisamuka, khoma lipakidwa laimu, pakatha milungu iwiri mulowa munthu wina pa mtengo wowirikiza. Pamalo pang'ono ngati Chifunga zimenezi sizibisika. Aliyense amadziwa kuti mwana uja sanabwere, ndipo a lendi ena onse amaphunzirapo kuti kusamala nyumba ya mwini, kubzala mtengo wa mthunzi kapena kuzira bwalo n'kutaya mphamvu pachabe. Kukhulupirirana kumene kunkachititsa kuti pangano la pakamwa likhale lokwanira kukuchepa m'njira imeneyi, ndipo palibe china chimene chabwera m'malo mwake.

Eni nyumba ambiri samawerengera bwino phindu la munthu wokhalitsa. Chifunga si Ndirande kapena Mbayani, komwe chipinda chikatsala chopanda munthu m'mawa, madzulo wina wafika kale ndi katundu. Kuno anthu a malipiro okhazikika ndi owerengeka, ndipo amabwera pa nthawi yake, aphunzitsi akasamutsidwa kapena chipatala chikalandira wantchito watsopano. Tibwerere ku nyumba ya K15,000 ija. Mwini wake akaikweza kufika pa K20,000 ndipo wokhalitsayo n'kupitiriza kulipira mwezi ndi mwezi, pachaka apeza K240,000. Akaikweza kufika pa K30,000, munthuyo n'kutuluka, nyumba n'kukhala miyezi itatu yopanda munthu, wolowayo n'kudzathawa usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, apeza K210,000, ndipo mwina atsala ndi loko wothyoka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene walipira mosadumphitsa kwa zaka zisanu, amene amasesa, amene amayang'anira pakhomo mwini wake akapita kumaliro ku Neno boma, akupereka kale china chimene wobwera kumene sangalonjeze.

Pali chiyembekezo china chimene chimasokoneza maganizo a eni nyumba kuno, choti kukubwera anthu a ndalama. Derali laonapo anthu obwera mwaunyinji kangapo. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pomwe Malawi inasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, pa Chifunga panali msasa wawo, ndipo ina inali ku Luwani ndi m'dera la Lisungwi. Pamodzi ndi iwo panabwera ogwira ntchito m'mabungwe, magalimoto a chakudya ndi malonda. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, pofika mu 1995 ambiri anali atabwerera kwawo. Msasa wa Luwani unatsekedwa mu 2007, n'kudzatsegulidwanso mu 2016 anthu ena atathawa ziwawa za ku Tete. Pakati pa 2012 ndi 2014 kampani ya Vale inamanga njanji yochoka ku Moatize kudutsa m'maboma a Mwanza ndi Neno kukafika pa Nkaya, ndipo ntchitoyo inalemba anthu ambiri. Lero sitima zimangodutsa ndi malasha kupita ku Nacala. Tsopano maso ali pa damu la magetsi la Mpatamanga pa mtsinje wa Shire, lomwe World Bank inavomereza kulithandiza ndi madola 350 miliyoni mu Meyi 2025. Ntchitoyo ndi yaikulu ndipo ndalama ina idzafika m'midzi ya kwa Mlauli. Koma makampani a ntchito zotere amamanga misasa yawoyawo pafupi ndi pomwe akugwira, ndipo wantchito amene adzafune chipinda kunja kwa msasa adzakhalamo mpaka kontilakiti yake itatha basi. Ngakhale ntchito za m'mabungwe a zaumoyo, zomwe zinkaoneka zokhazikika, zinagwedezeka dziko lonse boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025. Kutulutsa mphunzitsi amene wakhala m'nyumbamo zaka khumi poyembekezera wantchito wa kontilakiti ya miyezi isanu ndi inayi n'kulakwitsa masamu.

Wina angafunse ngati palibe kwina komwe ndalama yokonzera nyumba ingachokere. Pa Chifunga kulibe. Nyumba zambiri zili pa malo a makolo, opatsidwa ndi amfumu, ndipo ngakhale lamulo la malo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo oterowo, ambiri alibe chikalata chimene banki ingalandire ngati chikole. Akanakhala nachonso, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imakongozera mabanki chinakwezedwa kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo cha munthu wamba chimaposa pamenepo. Banki m'khonde imawerenga chiwongoladzanja pamwezi, ndiye ndi yoyenera geni yogula lero n'kugulitsa mawa, osati denga lomwe lidzabweza ndalama yake patatha zaka. Ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo imene boma linayambitsa m'chaka cha 2014 inali ya mabanja osauka omanga nyumba zokhalamo okha. Chotsala ndi lendi. Ngakhale Malawi Housing Corporation, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, lakhala likukokana ndi okhala m'nyumba zake pa mfundo yomweyi: ilo likuti lendi yatsika kwambiri moti silingathe kukonza nyumba, iwo akuti konzani kaye ndiye mukweze. Ngati bungwe lokhala ndi maloya ndi akatswiri a zachuma likuvutika kumasula mfundo imeneyi, mayi wamasiye wa zipinda zinayi sangaimasule pongokhala chete.

Maganizo anga ndi akuti lendi ikwere, ngakhale kwa munthu wokhalitsa, ndipo kwa iyeyo ndiye ikwere poyera ndi mwaulemu kuposa kwa wina aliyense. Kusakweza sikuthandiza wokhalamo monga momwe kumaonekera. Kumangosunga vuto kuti lidzamugwere tsiku limodzi, kaya ngati mtengo wowirikiza, kaya ngati notisi, kaya ngati khoma logwera ana ake. Komanso tiyenera kuyang'ana amene akunyamula mnzake. Pamene munthu wa malipiro a boma, amene malipiro ake akwera kangapo chiyambire 2020, akulipirabe mtengo wa 2020 kwa mayi amene alibe penshoni ndipo akulera adzukulu amasiye, wosauka ndiye akuthandiza wopezako bwino. Wa lendi wotereyu asadikire kuti mayiyo abwere kudzakamba za mbuzi kachitatu. N'koyenera kuti ayambe yekha: "Mayi, zinthu zakwera, ndikudziwa. Tiyeni tikambirane za nyumbayi."

Koma mwininyumba naye avomereze chinthu chowawa, chakuti zomwe wataya zaka zisanu zapitazi sangazibweze kuchokera m'thumba la munthu mmodzi. Amene anagwetsa kwacha si mphunzitsiyo. Kufuna kudumpha kuchoka pa K15,000 kufika pa K45,000 chifukwa masamu akutero n'kufuna ndalama yomwe pa Chifunga kulibe. Chotheka ndi kukweza pang'ono chaka chilichonse, pa mwezi wodziwika, munthu atauzidwa miyezi iwiri kapena itatu zisanachitike. Mwezi wake nawo ndi nkhani. Kukweza lendi mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili mbee, chimanga chili pamwamba ndipo fizi ya teremu yachiwiri ikufunika, n'kumuuza munthu kuti atuluke popanda kutchula mawuwo. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo malipiro atsopano a ogwira ntchito m'boma amatsatira pamenepo. Mu Meyi ndi Juni chimanga chimatsikako mtengo ndipo a geni amagulitsa bwino. Nthawi yokambirana ndi imeneyo, ndiponso ndi imene imasiyira mwininyumba miyezi ya chilimwe yosonkhanitsa ndalama kuti akonze denga mvula isanagwe.

Kukwezako kukhale ndi chimene chikugulidwa. Munthu amavomera K5,000 yowonjezera mosavuta akauzidwa kuti ya miyezi inayi yoyamba ikupita ku malata awiri a chipinda chogona, ndipo pofika Okutobala aone malatawo ali pamwamba. Akaona kuti ndalama yakwera koma beseni likadali pakati pa chipinda, chaka chamawa sadzamvanso. Ndi bwinonso kumuuza poyera kuti wobwera lero angalipire zakuti, koma inu mulipira zocheperapo chifukwa cha zaka zomwe takhala. Mawu amenewa amasonyeza munthu kuti kukhulupirika kwake kwawerengedwa, ndipo amamuchotsera mantha oti mwina akufuna kumutulutsa mochenjera. Zonsezi zilembedwe, ngakhale m'kope la ana asukulu, pali mboni imodzi ya mbali iliyonse. Ena amaona ngati kulemba n'kusakhulupirirana, koma milandu yomwe imafika kwa nyakwawa kawirikawiri ndi ya anthu omwe ankagwirizana kwambiri moti sanaone chifukwa cholembera. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumathandizako, chifukwa uthenga wake umatsala pafoni ngati umboni.

Si a lendi onse amene angakwanitse ngakhale zochepazo. Gogo wogulitsa masawu ndi bwemba m'mbali mwa msewu, kapena mayi amene mwamuna wake anapita ku Tete osabweranso, alibe malipiro okwera mu Epulo. Kwa oterewa mwininyumba ayenera kusankha akudziwa chomwe akuchita. Ngati akuwasiyira mtengo wakale, adziwe kuti ndi thandizo limene wapereka mwadala, ndipo asadzalisandutse chifukwa chosakonzera chimbudzi. Ena amalandira ntchito m'malo mwa ndalama: kuumba njerwa, kukumba dzenje, kutunga madzi a mmisiri. Njira imeneyi imayenda bwino pokhapokha mtengo wa ntchitoyo utagwirizanidwa isanayambe, apo ayi wa lendi amasanduka wantchito wosalipidwa amene sangakane chilichonse poopa kutulutsidwa.

Ngakhale zonsezi zitachitika mwadongosolo, kutsika kwa mphamvu ya lendi sikuima. Lendi ikamakwera ndi 15 kapena 20 peresenti pachaka pomwe mitengo ya zinthu ikukwera ndi mlingo woyandikira 30 peresenti, mwininyumba akutayabe, kungoti akutaya pang'onopang'ono moti denga lingathe kupulumuka. Anthu a ndalama pang'ono aona kale zimenezi. Amene kale akanamanga mdadada lero akugula njinga yamoto ya kabaza, mbuzi, kapena matumba a chimanga oti adzagulitse mu Febuluwale, chifukwa zimenezo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu, pomwe lendi imadikira kuti wina athetse manyazi. Nyumba zabwino zomwe zilipo zikukalamba, ndipo zolowa m'malo mwake zikuchepa. Boma la Neno, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 138,000, likufunabe aphunzitsi ndi anamwino ochuluka, ndipo aliyense wotumizidwa pa Chifunga amayamba wafunsa pogona. Akapanda kupeza nyumba yosadontha yokhala ndi chimbudzi chabwino, amasiya banja ku Mwanza kapena ku Blantyre n'kumayendera. Petulo atakwera kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499 pa lita mu Okutobala 2025, mtengo wa minibasi unakwera nawo, ndipo woyendera wotereyu sachedwa kulemba kalata yopempha kuti amusamutse.